Boxer, TVS kapena Yamaha yakale: iti ingafike ku Karonga n'kubwerako?

Aliyense wochita geni mumsika wa Lilongwe, wa Limbe kapena wa Mzuzu akudziwa kuti phindu silibadwira pabenchi pomwe ukugulitsira. Phindu limabadwira kopikula. Wofika m'mamawa ku Jenda, ku Lizulu kapena pa Tsangano Turn-off ndiye amasankha tomato ndi kachewere wabwino pamtengo wa alimi. Wofika dzuwa lili paliwombo amangotola zotsala, ndipo amagula kwa mavenda anzake amene aika kale kangachepe kawo pamwamba.

N'chifukwa chake nkhani ya njinga yamoto yasiya kukhala ya anyamata a kabaza okha. Amayi ndi abambo a mipamba yawo akufunsana kuti kodi ndi mthuthuthu uti umene ungapirire ulendo wa makilomita 300 kapena 400 popanda kumeza mpamba wonse. Ambiri ali nayo kale njinga ya m'tauni, ya Lifo, ya SanLG kapena ya King Lion, koma mtima ukuwauza kuti asinthe, agule ya mtundu wina.

Inenso ndili m'gulu lomwelo. Ntchito yanga ndi yolemba nkhani, ndipo mtolankhani woima payekha alibe galimoto ya kampani. Nkhani ikachitika ku Nkhamenya ndiyenera kudzifikitsa ndekha, ndipo pobwerera ndimawatengerako achemwali anga usipa kapena mpunga woti akagulitse pabenchi pawo. Njinga yomwe ndili nayo ndi ya 125cc ya ku China, dzina ndisatchule. M'tauni ilibe mlandu. Koma ndikangopyola makilomita 100, manja amachita dzanzi chifukwa cha kunjenjemera, mpando umasanduka thabwa, ndipo pachitunda nditanyamula thumba imalira ngati mbuzi yomangidwa. Kwa miyezi ingapo tsopano ndakhala ndikuyendera mashopu ndi magalaja kuyesa maganizo osintha.

Tiyambe ndi kuchotsa maloto. Njinga zimene azungu amati za touring, zopangidwira maulendo ataliatali, tonse tinazionapo zikudutsa mu M1 zitasenza mabokosi a chitsulo uku ndi uku. M'chaka cha 2007 Ewan McGregor ndi Charley Boorman anachoka ku John o' Groats ku Scotland mpaka ku Cape Town pa njinga za BMW R1200GS Adventure, ndipo anadutsa m'Malawi muno. Koma abale, anthu aja anali ndi magalimoto owatsatira pambuyo. Ndalama ya njinga imodzi yotero mutha kugulira minibasi yogwirapo kale ntchito ya ku Japan n'kutsala ndi chenji.

Ngakhale imene iwo amati yotchipa, kwa ife ndi nkhani ina. Kampani ya Royal Enfield ya ku India inatulutsa njinga yotchedwa Himalayan mu 2016, ya injini ya 411cc, ndipo kumapeto kwa 2023 inabweretsa ina yokulirapo ya 452cc yozizira ndi madzi. Ku Ulaya amaitamanda kuti ndi ya munthu wosauka wofuna kuyenda dziko. Ndi njinga yabwino ndithu, tayala lake lakutsogolo ndi lalikulu la mainchesi 21, loyenera misewu yokumbika. Koma ikulemera pafupifupi makilogalamu 200, ndipo za masiku ano zilibe kabuleta, zimamwa mafuta kudzera mu fuel injection yoyendetsedwa ndi kakompyuta. Ikazima pakati pa Chikangawa mudzaitana ndani?

Ndiye kwa munthu wa mumsika, mpikisano weniweni uli pakati pa zitatu. Pali kukhalabe ku za ku China n'kungokwera kufika pa 150cc kapena 200cc. Pali kuwolokera ku za ku India, Bajaj Boxer 150 kapena TVS HLX 150. Ndipo pali kugula Yamaha AG200 yakale, ija mabungwe amagulitsa pulojekiti ikatha.

Musanazinyoze za ku China, imvani kaye mbiri yake. Mu 1974 kampani ya Honda inatumiza akatswiri ake ku mayiko monga Thailand, Indonesia, Philippines ndi Pakistan kukaona chifukwa chimene njinga zake zinkafera msanga. Anakapeza zimene ife timachitanso kuno: banja lonse panjinga imodzi, katundu mpaka m'mwamba, oyilo osasintha mpaka kusanduka phala, ndipo njinga imapita kwa makaniko pokhapokha ikakaniratu kulira. Atabwerera kwawo anapanga CG125, imene inatuluka mu 1975. Injini yake anaipanga mophweka dala. Mavalavu amakankhidwa ndi timitengo tachitsulo, mulibe tcheni cha m'kati choti chizimasuka.

Njinga zambiri za ku China zimene zadzaza m'misewu yathu zinatengera injini yomweyo. Dzina la pathanki limasiyana, koma mukatsegula m'kati mupeza ndi ana a bambo mmodzi. Ichi ndiye chifukwa chake pisitoni ya njinga ina imalowa mu inzake, ndipo mnyamata aliyense wokhala ndi sipanala pansi pa mtengo wa mango amaidziwa ngati chikhatho cha dzanja lake. Kunjenjemera kumene kumandipha manja kuja ndi khalidwe la injini ya mtunduwu ikamathamangitsidwa nthawi yaitali. Sinapangidwire liwiro, inapangidwira kupirira nkhanza.

Tsono mukasintha mtundu wa njinga, chimene mukusiya si njinga yokha ayi. Mukusiya amakaniko onse aja, mashopu onse aja, ndi tizitsulo tonse mwasunga m'kabokosi kunyumba. Apa ndi pamene ambiri sawerengera.

Za ku India zili ndi mfundo zake zomveka. Bajaj ndi kampani ya mumzinda wa Pune, ndipo Boxer ndiyo yagwira msika wa kabaza m'mayiko monga Uganda ndi Nigeria, kumene njinga imagwira ntchito kuyambira m'bandakucha mpaka usiku. Boxer 150 ili ndi injini ya pafupifupi 145cc, thanki ya malita 11, mpando wautali wofewa ndi kaliyala wolimba. TVS, imene likulu lake lili ku Chennai, inabweretsa HLX mu 2013 poganizira misewu ya kuno ku Africa, ndipo zina zimabwera ndi potchajira foni, chinthu chimene munthu wolandira ndalama za makasitomala pafoni sangachione mopepuka. Nditakwera Boxer ya mnzanga kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Dedza, makilomita oposa 80, ndinatsika manja ali bwinobwino. Injini yake imayenda myaa, ndipo pa liwiro la 70 kapena 80 siimveka ngati ikupempha chifundo.

Koma injini zimenezi n'zosiyana ndi za banja la CG. Zili ndi tcheni cha m'kati choyendetsa mavalavu, ndipo chimafuna oyilo waukhondo wosinthidwa panthawi yake. Munthu wozolowera kungothira oyilo aliyense wa m'botolo la pamsewu adzaiwononga, kenaka n'kumauza anzake kuti njinga za ku India n'zabodza. Palinso kanthu kena kooneka kakang'ono: Boxer 150 imavala matayala a mainchesi 17, pamene zambiri za banja la CG zimavala a 18. Machubu ndi matayala amene munasunga sadzakuthandizani. Ngakhale kasinthidwe ka magiya kamasiyana pakati pa mitundu, ndipo phazi limachedwa kuiwala. Phunzirani pabwalo la mpira, osati pamtsetse.

Nanga Yamaha AG200? Imeneyi ndiye imandikopa mtima kwenikweni, sindibisa. Anaipangira alimi a nkhosa ndi ng'ombe a ku Australia ndi New Zealand, ndipo mabungwe a zaumoyo ndi zaulimi anaikonda chifukwa cha zomwezo. Tcheni chake chimakhala chotsekeredwa m'chikuto kuti fumbi ndi matope zisachidye, ili ndi kaliyala kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo ili ndi poimikira mbali zonse ziwiri. Pamsewu wa fumbi nthawi ya dzinja palibe yoifika mwa zitatuzi. Koma magiya ake anawapangira kukwera mapiri pang'onopang'ono, osati kuthamanga pa tala tsiku lonse. Chachikulu n'chakuti yatsopano mtengo wake ndi wa mabungwe, osati wa munthu wogulitsa anyezi, ndipo yakale imakhala itakwerapo alangizi angapo, aliyense akudziwa kuti si yake. Ikafuna pisitoni kapena kalatchi, masipeya ake enieni mudzawapeza m'mizinda ikuluikulu basi, pamtengo wokupangitsani kukhala pansi kaye.

Mayeso amene ine ndagwiritsa ntchito ndi awa, ndipo aliyense atha kuwachita popanda kulipira tambala. Lembani pakapepala zinthu zimene zimafa paulendo: chubu, tcheni ndi masipuloketi, waya wa kalatchi, pulagi, mabuleki, ndi kabokosi ka moto kaja amati CDI. Mukamapita kopikula, tsikani pamalo pamene mumadutsa, kaya ndi pa Mponela, pa Madisi, pa Nkhamenya kapena pa Jenda, n'kufunsa m'mashopu ngati ali nazo za njinga imene mukuifunayo. Musafunse ku Biwi kapena ku Ndirande, chifukwa kumeneko chilichonse chimapezeka, ndipo si kumene njinga idzakufereni.

Zimene ndinaona ine ndi izi. Za banja la CG zili paliponse, ngakhale m'kagolosale kogulitsa sopo ndi mchere. Za ku India zikupezeka m'mizinda ndi m'maboma, ndipo zikufalikira chifukwa anyamata a kabaza ayamba kuzigula, koma m'timisika ting'onoting'ono mumauzidwa kuti dikirani tiitanitse. Za AG200 wogulitsa amangokuyang'anani n'kuseka.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi. Sipeya yolembedwa dzina la kampani pakatoni si umboni wakuti ndi yeniyeni. Mitundu yonse ili ndi zachinyengo zake, ndipo tcheni chotchipa chimatha kudya masipuloketi atsopano m'milungu yochepa. Posintha, sinthani zonse pamodzi, tcheni ndi masipuloketi ake awiri.

Za mitengo sindilemba manambala pano, chifukwa pofika Loweruka likudzali adzakhala atasintha. Tonse tikukumbukira kuti kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023. Njinga ndi masipeya ake onse zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, ndiye kwacha ikatsokomola shelefu ya masipeya imadwala chimfine tsiku lomwelo. Chimene ndinganene n'chakuti nthawi zonse pamene ndafunsa, ya ku India yatsopano imakhala pamwamba pa ya ku China ya kukula komweko. Funso n'lakuti kusiyanako mudzakubweza bwanji.

Njira imodzi ndi mafuta. Tiyerekeze kuti njinga ikuyenda makilomita 40 pa lita imodzi. Thanki ya malita 11 ikupatsani makilomita 440, kutanthauza kuti kuchoka ku Lilongwe mukhoza kufika ku Mzuzu, mtunda wa pafupifupi makilomita 360, osaima pomwetsera mafuta. Ikamayenda 30 pa lita, thanki yomweyo ikutherani musanafike. Tonse amene tinagona pamizere ya mafuta mu 2022 ndi mu 2024 tikudziwa kuti kusiyana kumeneku si kwa masewera, chifukwa wouma panjira amagula wa m'zigubu pamtengo wa mwini chigubu. Musakhulupirire nambala ya wogulitsa njinga. Iye amanena za njinga yopanda katundu pamsewu wosalala. Pemphani ya mnzanu, dzazani thanki, mangani thumba, pitani ku Mchinji n'kubwerera, mudzazenso, muone malita amene alowa.

Pa za mafuta pomwepa, kumbukirani kuti petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ndipo zimenezi zinayamba mu 1982 ndi fakitale ya ku Dwangwa. Ethanol amakoka chinyezi. Njinga ikakhala milungu yambiri osayenda thanki ili pakati, madzi amasonkhana pansi n'kuyambitsa dzimbiri, ndipo timipira ta mu kabuleta timauma. Mukamagula yakale, tsegulani thanki muunike ndi tochi. Izi zikukhudza kwambiri zija za mabungwe, zimene zimatha chaka zitaimikidwa kuseri kwa ofesi kudikira tsiku logulitsidwa.

Tsopano nkhani imene ambiri amaithawa, ya mapepala. M'tauni munthu atha kuzemba apolisi apamsewu podutsa m'tinjira ta m'makwalala. Pa M1 mulibe tinjira. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Karonga, mtunda wa pafupifupi makilomita 600, mudzaima pamarodibuloko angapo, ndipo njinga yopanda nambala ikagwidwa, tomato wanu adzaolera pomwepo. Njinga zambiri zotchipa zimalowa kuchokera ku Mozambique ndi ku Tanzania podzera njira zachidule, osalipira msonkho ku MRA. Popanda pepala la MRA simungailembetse ku Road Traffic, popanda kulembetsa simungapeze inshulansi yoyenera. Mtengo wotsika umene wakukopaniwo ndi ngongole imene mudzalipirabe. Palinso zakuba. Wogulitsa asanalandire ndalama, gwadani pansi muwerenge nokha nambala ya injini ndi ya chasisi, muone ngati zikufanana ndi za papepala, ndipo ngati pamalopo pakuoneka kuti panapalidwa, nyamukani.

Ndi angati akudziwa kuti kukwera kuchoka pa 125cc kufika pa 150cc kumasinthanso layisensi? Ya A1 imathera pa 125cc. Yoposera apo imafuna layisensi ya A. Choncho Boxer 150, HLX 150 ndi AG200, zonse zitatu zili mbali inayo ya mpanda. Ikani ndalama ya layisensi pa mtengo wa njinga musanayerekeze.

Kwa amene mumaoda zitenje ku Chipata kapena katundu ku Kyela, pali inshulansi ya COMESA yotchedwa Yellow Card imene imagwira ntchito ku Zambia ndi ku Tanzania. Ku Mozambique siigwira, kumeneko mumagula inshulansi yawo pachipata.

Ndinene mosapsatira za katundu, poti pano ndi pamene anthu akudzinamiza. Palibe njinga ya 150cc, kaya ya ku India kaya ya ku China, imene ingalowe m'malo mwa lole ya matani atatu. Matumba atatu a kachewere pakaliyala amapeputsa tayala lakutsogolo, chiwongolero chimayamba kuvina, ndipo mabuleki amasiya kumvera. Njinga zambiri za mtengo uwu zimabwera ndi mabuleki a dilamu kutsogolo ndi kumbuyo, amene amatentha n'kufooka mukawapondereza nthawi yaitali. Aliyense amene anatsikapo Chiweta, kapena msewu wokhotakhota wa Khwekhwelere wotsikira ku Golomoti, akudziwa chimene ndikunena. Pamenepo mumatsika ndi giya yaing'ono, injini ndiyo izigwira njinga. Ngati mtundu umene mwasankha uli ndi ina ya buleki ya disiki kutsogolo, onjezerani ndalama mutenge imeneyo. Pitani tsiku lina mukazonde wodwala ku wodi ya mafupa ku Kamuzu Central kapena ku Queens, mufunse kuti ambiri agonekedwa chifukwa chiyani. Mwendo ukathyoka, benchi imatsekedwa miyezi itatu, koma banki m'khonde siidikira.

Pamene njinga imapambana ndi pa katundu wopepuka wa ndalama zambiri, monga zitenje, mafoni, usipa wouma ndi nsapato, komanso pa kufika msanga. Wanzeru amathamanga pa njinga m'mamawa, kukagwirizana mtengo ndi alimi kumunda komweko, kulipira, n'kukweza matumba pa lole yobwera pambuyo. Wogula njinga ndi maganizo amenewa sasowa injini yaikulu. Amasowa mpando wabwino, thanki yaikulu ndi nyali yowala.

Pa malimu, ine ndili kumbali ya masipoko. Limu ya masipoko ikagunda dzenje imapindika, ndipo makaniko wa njinga zakapalasa amene atha kuiwongola. Ija youmbidwa yonyezimira imakongola pa shopu, koma ikang'aluka yatha basi. Ndipo wokwera kumpoto miyezi ya June ndi July asaiwale kuti ku Chikangawa kumagwa nkhungu yoti nyali ya galimoto yobwera kutsogolo mumaiona itakufikani kale. Jekete lochindikala, magolovesi ndi chipewa chenicheni cha njinga, osati chija cha pulasitiki cha omanga nyumba, zikhale m'bajeti.

Ndiye ndaima pati? Kwa mayi kapena bambo amene maulendo ake sapyola makilomita 100, wa ku Lilongwe wopikula ku Mitundu kapena ku Nsundwe, wa ku Limbe wopikula ku Bvumbwe, ndinganene kuti musasinthe. Konzani imene muli nayo, ikani tcheni chabwino ndi matayala atsopano, ndalama yotsalayo ilowe mu mpamba. Kusintha mtundu kudzakudyerani ndalama kawiri, pogulitsa yakale motchipa ndi pogula yatsopano modula.

Kwa ine amene ndimagona panjira, mtima wapendekera ku 150cc ya ku India, yatsopano, ya masipoko, ya magiya asanu ngati ilipo, yogulidwa pashopu yopereka risiti ndi mapepala a MRA. Pakati pa Boxer ndi HLX sindinaone kusiyana koti n'kukanganirana. Ndidzatenga imene masipeya ake ndawapeza m'malo ambiri pa msewu wa kumpoto, ndipo pakadali pano pakapepala kanga Boxer ili patsogolo pang'ono. Wa ku Mangochi kapena ku Mulanje achite kafukufuku wake, chifukwa kumeneko zitha kukhala zosiyana.

AG200 ndaisiya ndi chisoni. Ndikanakhala mlangizi wolipiridwa masipeya ndi ofesi, sindikanayang'ananso kwina.

Achemwali anga avomera kundibwereka theka la ndalama, koma aika lamulo lawo: njinga isalowe pakhomo ndisanawaonetse layisensi ya A ndi pepala la inshulansi, ndipo ulendo uliwonse wa ku Karonga ndizibwera ndi thumba la mpunga wa Kilombero osawalipiritsa thiransipoti mpaka ngongole ithe. Pansi pa mpando padzakhala chubu cha 17, waya wa kalatchi, pulagi ndi CDI yapadera. Njinga yakale sindigulitsa msanga. Ikhala kaye miyezi itatu pakhonde, kudikira kuti yatsopanoyo ipite ku Karonga kawiri.